Galu wa ku Blantyre

A Ezekiele ankakhala okha ku Chifunga chimwalirireni akazi awo. Bondo lamanzere linkawavuta, moti ankangolima kamunda ka kuseri kwa nyumba. Mwana wawo Tisungeni, wogwira ntchito ku Blantyre, ndiye ankada nawo nkhawa. Tsiku lina anabwera atanyamula kagalu ka makutu oimirira ndi mapazi akuluakulu.

"Bambo, aka kazikuchezetsani. Akubanso aziopa," anatero Tisungeni.

"Kodi agalu amtunduwu ndingawathe ine, mwanawe?"

"Galu ndi galu basi. Muzolowerana."

A Ezekiele sanafune kumukhumudwitsa. Anakalandira, n'kukatcha Kamphepo.

Mvula isanagwe, Kamphepo anali atafika m'chiuno mwa munthu. Ankadya phala la madeya mbale yonse n'kumayang'anabe. Sanali woluma anthu, koma kukhala pansi sankakudziwa: ankakumba mabatata, kuthamangitsa nkhuku, kudumphira aliyense wolowa pabwalo.

Atamva kuti alangizi a ziweto akubaya agalu katemera wa chiwewe, a Ezekiele anamumanga chingwe n'kuuyamba. Katemera anabayitsa bwinobwino. Pobwerera, galuyo anaona gologolo n'kutsomphoka ndi mphamvu zake zonse. Mkuluyo anagwa chafufumimba pamiyala. Mayi Eliness, oyandikana nawo nyumba, ndi amene anawadzutsa n'kuwaperekeza kuchipatala. Bondo linatupa ngati dzungu.

Kuyambira pamenepo Kamphepo anamangidwa pamtengo wa masau. Ankazungulira mtengowo mpaka pansi panakumbika kanjira. Ankauwa, kenaka n'kuyamba kulira. Chingwe chinamusupula pakhosi, ntchentche n'kumaunjikana pabalapo. A Ezekiele ankatsuka balalo ndi madzi amchere, kumuchotsa nkhupakupa, n'kukhala naye pamthunzi akumuyankhula ngati munthu. Ankamukonda, ndipo zinkawapweteka. Kumumasula ankaopa, kuyenda naye sakanatha. Tisungeni akaimba foni, a Ezekiele ankangoti, "Ali bwino, wakula."

M'mawa wina akuchokera kotunga madzi, anapeza chingwe chaduka. Posakhalitsa anamva kukuwa kwa mayi Eliness. Kamphepo anali atagwira mbuzi yawo yoyamwitsa pakhosi, n'kuipha. Tiana take tiwiri tinkalira pambali.

Galuyo anabwerera yekha, kukamwa kuli magazi, n'kugona pamapazi a mbuye wake. M'mbuyo mwake munali a Zefaniya, amuna awo a mayi Eliness, atanyamula chibonga.

"Patukani, achimwene," anatero a Zefaniya. "Galu akalawa mbuzi sasiya."

A Ezekiele anaima pakati, atatsamira ndodo yawo.

"Wolakwa ndine. Ndinasunga chinthu choposa mphamvu zanga. Tengani mbuzi yanga yaikazi ija, koma uyu musamuphe pamaso panga."

"Lero ndi mbuzi. Mawa akagwira mdzukulu wanga, mudzandipatsanso mbuzi, eti?"

Mayi Eliness ndi amene anagwira dzanja la amuna awo. A Zefaniya anatsitsa chibonga, koma ananenetsa kuti akadzamuonanso galuyo m'mudzimo, sadzafunsa munthu.

A Ezekiele anamutsekera galuyo m'nyumba n'kuyamba kufunsafunsa munthu woti amutenge. Ambiri ankakana akangomva za mbuzi, ndipo iwo sankabisa. Pomaliza anavomera ndi a Herbert, a mpingo wawo, amene ali ndi chigayo ku Lisungwi, chozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Anati malo ndi aakulu, galuyo azithamanga mkati osamangidwa, ndipo iwo aziyenda naye m'mawa.

Tsiku lodzamutenga, Kamphepo anakana kukwera galimoto. Anakanirira miyendo pansi akuyang'ana a Ezekiele, mpaka iwo eni anamunyengerera ndi matemba kuti akwere. Anauza a Herbert za bala la pakhosi ndi nthawi ya katemera wina. Galimoto itanyamuka, analowa m'nyumba osadikira kuti ikhote.

Madzulo anaimbira Tisungeni n'kumufotokozera zonse, kuyambira kugwa kuja.

"Nanga bwanji simunandiuze?" anafunsa Tisungeni. "Ine ndimafuna kukuthandizani, bambo."

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma ukanandifunsa kaye. Inenso ndikanakana pomwe paja."

Tisungeni anati aimbanso, n'kudula.

Kamwana kamodzi ka mbuzi kanafa, mbuzi ya a Ezekiele itakana kukayamwitsa. A Zefaniya anasiya kudzacheza, ndipo akakumana ankangopatsana moni wapakamwa. Mayi Eliness okha ndi amene ankabwerabe ndi ndiwo nthawi zina. Kutchalitchi a Herbert anati bala lapola, galuyo wanenepa, ndipo anawaitana kuti akamuone. A Ezekiele anathokoza, koma sanapite. Ankaopa kuti akakawaona adzafuna kubwerera nawo.