Simbi Yamagetsi ya Bambo

"Achimwene, musazule!"

Koma anali atazula kale. Laputopu inathima nthawi yomweyo, chifukwa batire yake inali itafa kalekale, ndipo inkayaka pokhapokha ikalumikizidwa kumagetsi. Mtsikanayo, amene malemu bambo ake ankamutcha Injiniya, anangotsala manja ali m'mwamba, akuyang'ana galasi lakuda.

"Pepa," anatero mchimwene wake uku akulumikiza simbi yamagetsi. "Soketi ndi imodzi mushopu muno, ndipo mayunifolomu awa eni ake akubwera kudzatenga. Sindingawapereke ali makwinya chonchi."

Maliro anali atatha, alendo atabwerera kwawo. Mushopu ya utelala zinthu zinali monga momwe bambo anazisiyira: tepi yoyezera pamsomali, choko m'mphepete mwa tebulo, buluku la munthu wina lili pamakina osokera, mwendo umodzi wosapinda. Mchimweneyo anaphunzira kusoka ali mnyamata asanayambe uphunzitsi, ndiye anatenga tchuthi kuti amalize zovala za makasitomala. Simbiyo anaipeza pamwamba pa kabati, m'katoni yafumbi.

Injiniya naye anali ndi ntchito yake. Sukulu ina yophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta kwa miyezi yochepa, imene anthu amaitcha butikampu, inali itamupatsa mayeso olowera. Anayenera kupanga pulogalamu yaing'ono ndi kuitumiza tsiku lomwelo a kusukuluko asanaweruke kuofesi. Akachedwa, malo ake akanapatsidwa wina.

"Komanso ukuthamangiranji zimenezi?" anafunsa mchimwene wake. "Miyezi yochepa, basi munthu wasanduka katswiri? Ine kupinda buluku kokha ndinaphunzira chaka chathunthu. Dikira chaka chamawa ulembere kuyunivesite. Pakadali pano uzithandiza Amayi muno. Bambo ankafuna digiri, iwenso ukudziwa."

"Digiri anaipeza kale, Achimwene. Si iyo pachithunzipo, mwavala gauni ngati mukukalalikira?"

"Usaiseke gauniyo, anasoka okha."

"Ine digiri sindikuikana. Ndikayamba ntchito ndidzaphunzira madzulo. Koma kumene ndikufuna kukalowako amayamba afunsa kuti, 'Wapangapo chiyani? Tionetse.' Bambo ankazidziwa zimenezi."

"Bambo? Aja ankachita kukuitana kuti uwatsegulire uthenga pafoni?"

"Omwewo. Ndiwo ankandiyesera mapulogalamu anga. Ndikamaliza ndinkawapatsa, iwo n'kumadina paliponse ndi chala chawo chachikulu chija. Pamene pakufunika dzina ankalembapo muyeso wa m'chiuno, mpaka pulogalamu yonse kusokonezeka. Ndiye ankaseka n'kunena kuti, 'Injiniya, msoko wako waphwasuka, bwereza.'"

Mchimwene wake anamwetulira asakufuna. "Ankangocheza nawe amenewo. Sizikutanthauza kuti anavomereza."

Amayi awo analowa atanyamula tiyi pathileyi. Ataika patebulo anaima, n'kununkhiza m'mwamba. Fumbi la pasimbi linali litayamba kupsa. Injiniya nayenso anatembenuka.

"Achimwene, simbiyo ikutentha?"

Iye ananyowetsa chala ndi malovu n'kuikhudza. Inalira kuti tswii. "Ikutentha bwinobwino. Bwanji?"

"Bambo anandiuza kuti inafa. Chibweretsereni laputopu muno akhala akusita ndi yamakala."

Amayi anakhala pampando wa makasitomala, anagwira pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Ana awo anaganiza kuti ayambanso kulira. Koma ankaseka, ndipo kanali koyamba kuseka chichitikireni maliro.

"Bambo anu aja!" anatero akupukuta m'maso. "Tsiku loyamba anagula adaputa kuti zonse ziwiri zizigwira limodzi. Iwe unali utapita kukatenga ulusi. Adaputa inasungunuka, magetsi n'kuthima nyumba yonse. Mmene unkabwera simbi ili kale m'katoni, akuti yafa."

"Nanga osangondiuza bwanji?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati, 'Mwanayu ulemu wake ndi wopitirira. Akadziwa kuti simbi ndi yamoyo, ndikangogwira malaya azizula makina ake. Aphunzira nthawi yanji?' Ndiye m'mawa uliwonse kukoleza makala pakhonde, kupemerera ndi katoni, maso ali psuu ndi utsi. Malaya oyera ankasita mosamalitsa, kuopa phulusa. Ine kuwaseka kuti munthu wamagetsi m'nyumba wabwerera kumakala, iwo amvekere, 'Yamakala imasita bwino, mayi.' Bodza lenileni."

Injiniya anaweramitsa mutu, akusisita chivundikiro cha laputopu ndi chala.

Mchimwene wake anayang'ana simbi imene inali m'manja mwake, kenako chithunzi chake cha pakhoma. "Nanga za digiri, Amayi, sankanenapo kanthu?"

"Ankanena. Ankati idzabwera nthawi yake, nsalu ya gauni siisowa m'sitolo. Koma shopu ino sanaisiyire mwana aliyense kuti imumange miyendo. Ine ndilipo, ndipo kusoka sindinaiwale. Iwe maliza mayunifolomuwo ubwerere kwa ana ako asukulu."

Kenako mchimweneyo anawerama, anazula simbi, n'kubwezera chingwe cha laputopu pasoketi. Galasi linawala.

"Zambiri zatayika?" anafunsa.

"Mizere yochepa chabe. Ndikuikumbukira."

"Chabwino. Ukamaliza usatumize msanga, undipatse kaye ndidine. Zala zanganso n'zazikulu."

"Mudzalembe muyeso wa m'chiuno mwanu weniweni, Achimwene, osati wa pachithunzipo."

"Iwe, gwira ntchito!"

Anadikira simbi izizire, anakulunga chingwe chake mosamala, n'kuibwezera m'katoni pamwamba pa kabati. Kenako anatuluka pakhonde. Simbi yamakala inali pakona pamene bambo ankaisiya, chigwiriro chake chathabwa chitasalala ndi dzanja. Anakhuthula phulusa lakale, anaikamo makala, n'kuyatsa. Utsi unamulowa m'maso ndipo anatsokomola. M'kati munkamveka zala za mlongo wake zikugogoda mabatani, ndi makina osokera amene amayi awo anali atayamba kupalasa.

Mayi wina amene anabwera kudzafunsa yunifolomu ya mwana wake anaima pamasitepe, akudzikupiza kumaso.

"Aphunzitsi, mpaka makala? Simbi yamagetsi mulibe?"

Mchimweneyo anatola chidutswa cha katoni chimene chinali chitada m'mphepete, n'kuyamba kupemerera.

"Inafa, mayi," anatero. "Khalani pansi pang'ono, yunifolomu ituluka pompano."