Nkhope ya Dalaivala wa Mabisiketi

Tchuthi cha kumapeto kwa chaka chikayandikira, pa kanema pankabwera kafilimu kotsatsa mabisiketi. Lole yachikasu inkalowa chambuyo pageti lopapatiza, ana akuithamangira, kanyimbo kakulira. Dalaivala sankaoneka nkhope. Chinkaoneka ndi nkhongo yake basi, ndi mkono wotulukira pawindo, ukumenya chitseko motsatira nyimbo.

Mkonowo unali wa amuna awo a mayi wina wosoka zovala, amene anthu ankangowatchula kuti atelala. Bambowo sanali munthu wa zisudzo ayi. Tsiku lojambula, wazisudzo amene anamulemba anagunda nsanamira ya geti, ndiye ojambulawo anangoitana dalaivala weniweni wa pakampanipo n'kumuuza kuti abweze lole koma asatembenuke. Mpaka tsiku la imfa yawo, bambowo ankadzitama kuti dziko lonse limadziwa chigongono chawo.

Iwo atamwalira, atelala ankaimitsa mashini kafilimuko kakayamba. Wobwera kudzayesa diresi ankadikira chiimirire, mapini ali m'khwapa, osadandaula. Chithunzi cha malemu chinalipo chimodzi chokha, cha pa laisensi, ataumitsa khosi ngati akufunsidwa mlandu. Anthu a pakampani atabwera kudzachijambula, akuti akufuna kulemekeza antchito akale, atelala sanaone chovuta.

Chaka chimenecho kunatuluka kafilimu katsopano, kopangidwa ndi kompyuta yokha, popanda kamera kapena munthu wosewera. Lole inali phuliphuli ngati yachita kunyambitidwa. Ana anali osalala ngati zidole za m'sitolo. Ndipo lole itaima, dalaivala anatembenuka, n'kuphethira, n'kumwetulira.

Mapini amene atelala analuma anagwera pamiyendo.

Anthu anakwiya. M'basi nkhani inali yomweyo, pa wailesi chimodzimodzi. Ena ankati atibera ubwana wathu, ena ankati sadzagulanso mabisiketiwo ngakhale atatsika mtengo. Alamu awo, ang'ono awo a malemu, anafika kushopu ndi buluku long'ambika, foni ili m'manja.

“Alamu, mano awa achimwene anawapeza kuti? Kumwambako kuli adokotala a mano eti? Munthu ankatafunira mbali imodzi ngati mbuzi.”

“Siyani buluku apo muzipita.”

“Ndiye taonani, chiwongolero akupotolera uku, matayala akupita uko. Achimwene akanabweza lole chonchi ndikanawakana chibale.”

Atelala anaseka nawo pang'ono. Zonsezo ankazidziwa. Manowo sanali awo, makutu anali ang'onoang'ono, khungu linalibe chipsera cha pachibwano chija. Koma nthawi ya malonda ikakwana ankadzipeza atayandikira kanema kuposa kale, tepi yoyezera ili m'khosi. Kwa zaka zambiri nkhope ya amuna awo inali itayamba kuwathawa. Akatseka maso ankaona chipewa, ankamva chifuwa chawo cha m'mawa, koma pakati pa chipewa ndi kolala pankangokhala mbuu. Tsopano panali chinachake, chabodza ndithu, koma chikuyenda.

Mwana wawo wamkazi, namwino, ndiye anapsa mtima kuposa onse. Iye ndi amene anasamalira bambo ake m'chipatala mpaka kuwatseka maso. Kafilimuko kakayamba ankatuluka panja, ndipo tsiku lina amayi ake anamupeza kuseri kwa shopu akusanza.

“Ndinawaona akupita, amayi. Lero andidzutsire munthu kuti azigulitsa mabisiketi? Akandimwetulira chonchija ndimamva ngati ndinaika m'manda munthu wamoyo.”

Patapita masiku namwinoyo anabwera ndi mtolankhani, mtsikana waulemu wa nsapato zafumbi. Akampani anali atanena kuti amva maganizo a banja la malemu, ndipo chimene mayi wa nyumbayo anene ndi chimene atsate.

“Mayi, mukaona kafilimuka, mumaona amuna anu?” anafunsa mtolankhaniyo.

Atelala anayang'ana mwana wawo. Anali ataima pakhomo ndi yunifolomu yake, maso atatupa, akukanda chala chachikulu mpaka kutuluka magazi monga ankachitira ali wamng'ono. Atelala anayang'ananso kanema, amene anali wozimitsa, atafunditsidwa kansalu.

“Si iwowo,” anatero. “Akachotse.”

Sananame. Komabe mawuwo anatuluka ngati ulusi wokoka pansalu yosokedwa kale.

Kampani inapepesa n'kukachotsa. Anthu anasangalala, alamu aja anabwera ndi botolo la zakumwa kudzawagwira chanza. Koma kakale kaja sikanabwerere. Akuti tepi yake inafooka, siyoyeneranso makanema amakono. Pamalo pake anaikapo chithunzi cha paketi ya mabisiketi ndi mawu ofunira anthu tchuthi chabwino.

Madzulo ena namwino uja, pochokera kuntchito, anapeza amayi ake atakhala pafupi ndi kanema, mashini ali zii, siketi ya mwini wake ili pansi pa singano. Paketi ya mabisiketi inaoneka, inazimirira, kunabwera malonda a matiresi. Iwo sanasunthe.

Mwanayo anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

“Amayi, kodi inu munkakakonda?”

“Mano aja sanali awo.”

“Sindinafunse za mano.”

Atelala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu kotsala, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna.

“Ankaphethira, mwanawe. Pa laisensi paja saphethira.”

“Bwanji simunanene? Ndikanangomazimitsa ine ndikakhalapo. Ndikanapirira.”

“Ukanapirira, ndikudziwa. N'chifukwa chake.”

Namwinoyo anakhala pansi, pasimenti pomwepo, pakati pa zidutswa za nsalu, n'kutsamiritsa mutu pabondo la amayi ake. Anatulutsa foni nati mwina alipo amene anakasunga kafilimu katsopano kaja, afunse anzake a kuntchito. Atelala anaphimba foniyo ndi dzanja lawo.

“Usafunse. Ndinanena pamaso pa anthu kuti si iwowo.”