Amene Anaphunzitsa Chibakera

Kusukulu ya apolisi, Asajeni ankaphunzitsa kumanga munthu osamuvulaza: pogwira, pokhotetsa mkono, ndi polekezera. Phunziro lawo linkabwera masana, ophunzira atalefuka kale ndi perete, ndipo kukamveka kuti kukubwera alendo, ndilo linkayamba kudumphidwa.

M'gulu la chaka chimenecho munali mnyamata wamtali, wachifuwa ngati chitseko, amene anzake ankamutchula Chibakera. Pothamanga panalibe womupeza. Koma tsiku lina akuyeserera, anapotokola mkono wa mnzake mpaka fupa kumveka thyo! Mnzakeyo akugubuduka pansi, Chibakera anangoseka.

"Akanakhala wakuba bwenzi mukundiyamikira," anatero.

Asajeni analunjika ku ofesi ya mkulu wa sukulu.

"Bwana, uyu tisamutulutse. Abwereze, apo ayi azipita kwawo. Akamva munthu akulira mpamene amawonjezera mphamvu."

Bwanayo sanadzutse n'komwe mutu. "Mwamuona mmene amagubira? Kulikulu akufuna apolisi, Sajeni, osati madandaulo. Nanga amalume ake, bwana wamkulu uja, mukawauza ndinu?"

"Amalume akewo sadzakhala naye mumsewu."

"Mutseke chitseko potuluka."

Tsiku lomaliza maphunziro, Chibakera ndiye anatsogolera perete. Asajeni anaima padzuwa, mano ali gwa, akuomba m'manja pamodzi ndi anthu onse.

Sipanapite nthawi, Chibakera anatumizidwa kukachotsa ochita malonda m'mbali mwa msewu wa kumsika. Bambo wina wosoka nsapato anachedwa kulongedza zipangizo zake. Chibakera anamupinda mkono kumbuyo, phewa n'kuguluka. Dzanja limenelo silinagwirenso singano.

Nkhani itamveka pawailesi, akuluakulu anabwera kudzafufuza. Anakhala mondondozana m'chipinda cha misonkhano, mabotolo a madzi ali patsogolo.

"Anamuphunzitsa kugwira anthu chonchi ndani?" anafunsa wapakatiyo.

Mkulu wa sukulu anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana Asajeni.

"Ine ndinanena, bwana. Ndinapita ku ofesi..."

"Munanena? Nanga bwanji simunalimbikire?" anawadula mawu wapakati uja.

Chibakera anangomusamutsira kutauni ina. Asajeni anawachotsa m'kalasi n'kuwaika pageti, kuti azitsegulira magalimoto.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita yunifolomu pathebulo lodyera.

"Ndiye mawa muzikatsegulira geti bwana yemweyo?"

"Yemweyo."

"Inunso bambo a mwana, mukanangotseka pakamwa."

"Ndikanatseka, mayi, bwenzi ndili pageti pomwepo."

Mayiwo anakanikiza simbi pakolala mpaka nsalu kununkha.

Loweruka Asajeni anadutsa kumsika akuweruka. Wosoka nsapato uja anali atabwerera pamalo pake, mkono uli lende m'kansalu. Mkazi wake ndiye ankabaya chikopa, singano ikumuterereka, iye akumulozera ndi chibwano pobaya. Bamboyo ataona yunifolomu, anayamba kukokera zipangizo kumapazi ndi dzanja limodzi.

Asajeni anafuna kupereka moni. Koma anangovula chipewa, n'kuwolokera tsidya lina la msewu.