Nambala 23 Ili kwa Azakhali

Kuseri kwa chitseko cha chipinda chake Tisungane anakhomako katoni yomwe anadula ku bokosi la tiyi. Pa katonipo anajambula timabokosi makumi atatu, kalikonse ka kabuku kamodzi ka Pondani Wamtokoma. Akapeza kabuku ankachonga: cholembera chofiira ngati kanali ka bambo ake enieni, chabuluu ngati wachita kugula. Pofika mwezi wa Juni kabokosi koyera kanatsala kamodzi, nambala 23, ndipo ankakaona m'mawa uliwonse akamatenga yunifolomu yopita nayo ku fakitale ya esiteti, kumene ankagwira ntchito yoyeza chinyezi cha tiyi.

Timabukuti tinali tazithunzi, ta kale, pepala lake lofiirira ngati tiyi wosathira mkaka. Pondani anali munthu woperekera makalata pa njinga, yemwe pa ulendo uliwonse ankagwira wakuba. Bambo ake a Tisungane, a Zakeyu Namakhwa, ankagula kamodzikamodzi ali mnyamata woyendetsa thirakitala pa esiteti yomweyi, ndipo pa chikuto chilichonse analemba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu, ngati kuti wakuba akadaopa dzina.

Anamwalira Tisungane ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lometa, abale anakhala pamphasa kugawana katundu wa malemu monga mwa mwambo. Atsibweni a malemu anagawa majekete, nsapato, wailesi, kenaka anafika pa mulu wa timabuku. Analibe nato ntchito, koma katundu ndi katundu. Anayambira pamwamba n'kumapereka motsata mzere wa anthu, uyu titatu, uyu tiwiri, uyu kamodzi. Tisungane, pokhala mwana, anali kumapeto kwa mphasa, ndipo analandira nambala 29 ndi 30. Choncho anakula akudziwa bwino mathero a nkhani yomwe chiyambi chake ankangochikumbukira patalipatali, m'mawu a bambo ake.

Atayamba ntchito ndi pamene anazindikira chinthu chomwe chinamusangalatsa kuposa malipiro oyamba. Bambo ake ankasunga timabuku motsata manambala, ndipo ogawa aja anangotsata mzere. Ndiye kuti nambala iliyonse inkanena pamene munthu anakhala tsiku lija. Ukapeza mwini wa nambala 9 n'kumufunsa amene anakhala naye moyandikana, wapeza nambala 10.

Zinamutengera zaka ziwiri. Msuweni wake Douglas wa ku Kapichi anali ndi titatu, kamodzi kakuchirikiza mwendo wa kabati. Mkulu wina wa mpingo ku Khwethemule anapereka take tiwiri atayamba wapemphera. Tinayi tinapezeka kuti tinapita kale ndi fodya wopichira, ndipo Tisungane anakatisaka kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo ku Limbe. Anthu ambiri ankapereka akuseka, ena ankalira pang'ono akaona dzina pa chikuto, ndipo pafupifupi onse ankamupatsa nthochi zapaulendo. Ankabwerera ndi kabuku komanso nkhani imodzi ya bambo ake yomwe sankaidziwa.

Nambala 22 inali kwa a Hazel, 24 kwa a Queen, abale ena amene anakhala pamphasa paja. Onse awiri, atafunsidwa payekhapayekha, anayankha chimodzimodzi: pakati pawo panakhala a Zelipa, mlongo wa malemu bambo ake a Tisungane. Wa ku Limbe uja anati 23 sanaionepo chiyambireni malonda ake.

Amayi ake a Tisungane anamva nkhaniyi akusenda chinangwa pakhonde, ndipo mpeni unaima.

"Kwa a Zelipa usapiteko."

"Ndi kabuku chabe, amayi."

"Kwa iwe ndi kabuku. Kwa iwo ndi mlandu. Anatenga bedi ndi malata amene ine ndi bambo ako tinagula, ine n'kukhala chete zaka zonsezi kuti inu mukule mwamtendere. Ukakafika n'kunena kuti ndabwera kudzatenga, adzamva kuti ndakutuma ine. Mawa akuitanitsa bwalo."

"Ndikangopempha."

"Cha maliro sichipemphedwa. Enawo anakupatsa chifukwa ndi anthu ofewa."

Tisungane anakhala masabata awiri akuyang'ana kabokosi kaja. Anayesa kudziuza kuti makumi awiri ndi asanu ndi anayi ndi ambiri. Koma pa mapeto a nambala 22 Pondani anali atatsekeredwa m'nyumba yosungiramo chimanga, ndipo pa chiyambi cha 24 anali pa njinga akuimba likhweru. Munthu wophunzira sangagone bwino ndi zinthu zotere. Loweruka lina anaika timabuku tonse m'chikwama, kuti azakhali akaone okha kuti nkhani si ya malata, nakwera njinga yamoto yopita ku Nsabwe. Amayi ake anamuona akunyamuka, sanamuletse, koma sanamupatsenso moni woti akapereke.

Anawapeza a Zelipa m'kamunda kawo ka tiyi kuseri kwa nyumba, dengu lili kumsana. Anali mayi wamfupi, wa manja olimba, yemwe anatchola tiyi pa esiteti zaka makumi atatu asanabwerere kwawo. Anamuyang'ana Tisungane kuyambira ku nsapato.

"Mphumi imeneyi ndi ya achimwene. Ndiwe Tisu?"

"Ndine, azakhali."

"Ndamva kuti ndiwe bwana ku fakitale. Ndiwe amene umati tiyi wathu ndi wonyowa?"

"Amanena ndi makina. Ine ndimangolemba."

"Onse amatero."

Anakakhala pakhonde. Atatha malonje, a Zelipa atafunsa za aliyense kupatula amayi ake, Tisungane anatsegula chikwama n'kuyala timabuku pamphasa motsata manambala. Pakati pa 22 ndi 24 anasiyapo mpata. Anali atakonza mawu njira yonse, koma anaona kuti mpatawo ukulankhula mwaulemu kuposa iye.

A Zelipa anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka analowa m'nyumba. Kunamveka kukoka kwa sutikesi pansi pa bedi, ndipo anatuluka ndi kanthu kokulungidwa m'chitenje chakale. Nambala 23 inali yosamalika kuposa timabuku tonse pamphasapo. Ngakhale ngodya imodzi sinapindike.

Tisungane anatambasula manja onse awiri. Azakhali anaika kabukuko pamiyendo pawo.

"Wakutuma ndi mayi ako?"

"Ayi. Anandiletsa."

"Anachita bwino." Anasisita chikuto ndi chala chachikulu. "Tamvera, mwana wa achimwene. Ichi ndinalandira pamphasa, pamaso pa anthu. Ndikachibweza ndiye kuti ndavomera kuti ogawa analakwitsa. Akalakwitsa pa buku, alakwitsanso pa bedi. Ukundimva?"

"Ndikumva."

"Ndiponso bedi lija linathyoka kalekale. Malata ndinafolera khitchini, akudontha. Cha achimwene chimene chatsala m'nyumba muno ndi ichi."

Tisungane anabweza manja ake. Anadabwa kuti sanakwiye. Pa anthu onse amene anawayendera, awa okha ndi amene anasunga gawo lawo ngati chinthu cha munthu.

"Mungandilole ndingowerenga pompano? Ndikufuna ndidziwe mmene Pondani anatulukira m'nyumba ya chimanga ija."

"Anatuluka? Ine ndimangoona zithunzi. Sukulu ndinalekera m'kalasi yoyamba. Ndimaona munthu ali mumdima, kenaka pabwera mayi wa dengu, kenaka akuthamanga. Zaka zonsezi ndimati mayiyu ndi mkazi wake."

"Pondani alibe mkazi."

"Ndiye akumufuniranji? Werenga mokweza."

Anawerenga, kabuku kali pamiyendo pa azakhali, iye atasendera pafupi n'kumatsata mawu ndi chala. Mayi wa dengu anali wogulitsa mandasi, yemwe Pondani anamubweretsera kalata ya mwana wake mu nambala 6. Anamva kugogoda, nachotsa mpiringidzo. Basi. Zaka ziwiri za njinga zamoto ndi matope, yankho lake linali mpiringidzo. Tisungane anaseka mpaka misozi.

A Zelipa sanaseke. "Kalata yake iti?"

"Ya mu nambala 6."

"Ili pano?"

"Ili apo."

"Nanga ukudikira chiyani?"

Anawerenga nambala 6. Azakhali anafuna kudziwa chifukwa chake mwanayo anachoka pakhomo, ndipo zimenezo zinali mu nambala 5. Pakati pa nambala 5 anamuimitsa.

"Achimwene ankawerenga chonchi pa mtengo wa mapeyala uwo, koma iwo ankasintha mawu. Wakuba ankamupatsa mawu a kapitawo wathu. Tsiku lina kapitawoyo anadutsa n'kumva." Anapukusa mutu. "Iwe umawerenga ngati ukulengeza za maliro."

"Ndiyesetsa, azakhali."

Dzuwa litapendeka, wa njinga yamoto anaimba foni kuti akubwera. Tisungane anayamba kulongedza. Anali atawerenga 23, ndipo anadziuza kuti zimenezo n'zokwanira. A Zelipa ankamuyang'ana akuika timabuku m'chikwama, ndipo atafika pa nambala 1 anaikapo dzanja.

"Aka ndi koyamba?"

"Eya."

"Kasiye."

Tisungane anawayang'ana.

"Pamphasa paja ndinalandira buku limodzi la achimwene. M'nyumba muno muyenera kugona buku limodzi la achimwene. Ndikakupatsa aka n'kutsala ndi ako, sindinabweze kanthu. Tasinthana. Kusinthana si mlandu." Anamupatsa nambala 23 ndi manja awiri, natenga nambala 1 n'kuikulunga m'chitenje chija. "Ndiona zithunzi mwezi uno. Ukabwera udzandiuze ngati ndalondola, utenge aka, undisiyire nambala 2."

Tisungane anawerengera mwachangu, monga mwa chizolowezi chake. Kamodzi pa mwezi, timabuku makumi atatu: zaka ziwiri ndi theka. Ndipo tsiku lililonse la zaka zimenezo, kunyumba kwake kudzakhala timabuku makumi awiri ndi asanu ndi anayi, osapitirira. Anafufuza pamene panali chinyengo m'nzeru imeneyi, koma sanapapeze. Aliyense anali ndi chake.

"Zikomo kwambiri, azakhali," anatero atagwada.

"Usathokoze, sindinakupatse kanthu. Dzuka, ungadetse siketi ya ubwana."

Anamuperekeza mpaka pamsewu, atanyamula phava la nthochi ndi mapeyala anayi m'jumbo. Njinga itafika, anamupatsa jumboyo n'kuyang'ana kumbali, kumapiri a tiyi.

"Mapeyalawa ndi a mtengo uja. Mayi ako ankawakonda ali ndi pakati pa iwe. Usanene kuti ndawatumiza ine."

"Nanga ndikati achokera kuti?"

"Wophunzira ndiwe. Ukapeza chonena."

Atafika kunyumba anapeza amayi ake akuanula zovala. Anaika jumbo pakhonde, natulutsa nambala 23 n'kuwaonetsa dzina pa chikuto. Amayi anapukuta manja asanakagwire.

"Akupatsa?"

"Tasinthana. Ndawasiyira koyamba. Mwezi wamawa ndipitanso."

"Za bwalo sananene?"

"Ayi. Akuti bedi linathyoka."

"Linali lothyoka kale," anatero amayi. Anatsegula jumbo, natenga peyala limodzi, nalitembenuza m'manja n'kulisindikiza pang'ono ndi chala. Sanafunse kumene lachokera. "Ili lapsa. Tenga mpeni."