Chilatini cha Ababa

Nditatukula maso, Ababa anali atafika kale pa masitepe a guwa. Linali tsiku la chaka cha Khristu Mfumu, tchalitchi chitadzaza mpaka ena ataima m'mawindo. Ng'oma zinkagunda, atsikana ovala zoyera akuvina mumpata wapakati, amayi akululutira. Ine ndinangowerama pang'ono kuti ndikonze chitenje, podzuka n'kupeza malo a pambali panga alibe munthu.

Anagwada pa sitepe yam'munsi, nawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda simenti. Kenaka anayamba kulankhula mokweza, akudziguguda pachifuwa, m'chinenero chimene ambiri m'tchalitchimo anali asanachimvepo. Woimba kiibodi ndiye anayamba kuleka. Ng'oma zinatsatira. Mawu a Ababa anatsala okha, okuluwika, osakhumudwa ngakhale pamodzi, ngati madzi otsika m'ngalande.

Akuluampingo awiri anawagwira m'khwapa. Ababa anakakamira nsalu ya paguwa, maluwa n'kugwa. Ndinathamanga ndikupondaponda mapazi a anthu.

"Asiyeni! Ndi bambo anga, akudwala!"

"Ngati akudwala muziwasiya kunyumba, Aphunzitsi," anatero mmodzi wa akuluampingowo, monong'ona koma mwaukali. Kumbuyo ndinaona mafoni atatukulidwa m'mwamba.

Tili panja, Ababa anakonza jekete lawo, nandiyang'ana mwaulemu waukulu.

"Pepani Mayi," anatero, "kodi basi ya ku Dedza imakwereredwa pati?"

Ndine Jemima, mwana wawo woyamba. Ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Chinsapo kuno, ndipo chimwalirireni Amayi, Ababa akhala m'nyumba mwanga. Dzina lawo ndi Stephano. Anakulira pafupi ndi mishoni kwathu ku Dedza, ndipo ali wamng'ono ankatumikira Misa, masiku amene wansembe ankafulatira anthu n'kumapemphera m'Chilatini. Atabwera m'tauni anakhala telala, natilera ndi mashini osokera. Kuiwala kunayamba ndi tinthu ting'onoting'ono: lumo, nsapato, njira ya ku chigayo. Kenaka kunadya mayina a adzukulu, kunadya imfa ya Amayi, pomaliza kunadya ine. Kuchipatala anati ndi matenda a ukalamba okhudza ubongo, ndipo mankhwala ochiza palibe. Koma Chilatini chija, chimene anali asanachitchule chiyambire ubwana wanga, chinatsala chili gwa.

Vidiyo ya m'tchalitchi ija inazungulira m'mafoni. Mawa lake madzulo mlongo wanga Esau anatulukira kuchokera ku Area 23. Iye anachoka m'Chikatolika kalekale, ndipo ndi mkulu mu mpingo wina wa mapemphero. Anakana mpando.

"Achemwali, mwaiona vidiyo ija? Lilongwe yense akutiseka."

"Ndinalipo, Esau. Sindifunika vidiyo."

"Ndiye mwamva zimene akulankhula. Munthu woiwala dzina la mwana wake angakumbukire bwanji chinenero cha azungu akufa? Si iwo akulankhulawo. Muli chinthu mwa Ababa. Akufunika deliverance basi."

"Ndi mapemphero a Misa amenewo. Akupempha Mulungu kuti awakhululukire machimo."

"Inu mumachimva Chilatinicho?"

Zoona zake, sindichimva.

Ababa anali pakhonde, akupinda ndi kupindula kansalu ka pa tebulo. Esau anawayang'ana, ndipo ndinaona kuti mkwiyo wakewo unali wa mantha. Nayenso anali atataya bambo. Anandiuza kuti Khirisimasi ikangodutsa adzabwera ndi galimoto, awatengere kuphiri kumene abusa ake amasala kudya ndi odwala. Ndinkadziwa zimene zimachitika kumeneko: kukuwa m'makutu, kugwedeza mutu, dzuwa ndi njala. Ababa sakanabwerako amoyo.

Amene anandiuza za Bambo Lucious ndi Amayi Dorica, oyandikana nawo nyumba, amene amandisuzumirira Ababa ndikapita kuntchito. Anati ndi wansembe wopuma, wokalamba zedi, amakhala pa parishi ina cha ku Area 25, ndipo anaphunzira ku seminale Chilatini chisanathe. Ndinakwera minibasi Loweruka m'mawa, ndikawapeza akuothera dzuwa pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pamiyendo.

Ndinawafotokozera zonse. Ndinawaonetsa ndi vidiyo yomwe. Anaibweza kachiwiri, foni ataiyandikitsa kukhutu, milomo yawo ikutsatira.

"Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe," anatero. "Anawaphunzitsa bwino."

"Bambo, tsiku lotsatira Khirisimasi ndi chaka cha Stefano Woyera, nkhoswe yawo, mwini dzina lawo la ubatizo. Chaka chilichonse ankavala suti, n'kupita ku Misa, ngakhale mvula igwe bwanji. Mutabwera kudzawachitira Misa yakale ija... mwina angadzidzimuke. Mwina angabwerere."

Anasisita mutu wa ndodo.

"Misa yakale sindingaichite, mwana wanga. Masiku ano imafuna chilolezo, ndipo amene angapemphe chilolezo chifukwa cha nkhalamba imodzi ya ku Chinsapo ndani? Maso anganso sawerenga. Koma ndibwera. Ndidzawabweretsera Ukaristia, ndidzawadzoza mafuta a odwala. Mapemphero oyambirira aja ndikuwakumbukira." Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Koma usayembekeze kuti Chilatini ndi mankhwala."

Ndinavomera ndi mutu. Mumtima ndinayembekezerabe.

Tsikulo kunacha ndi mvula yamvumbi. Msewu wathu unasanduka phala, ndipo wakabaza amene anatenga Bambo Lucious anawatsitsa kutali, iwo n'kuyenda pansi atagwira mkono wa Amayi Dorica. Esau naye anabwera, ngakhale sindinamuitane, naima pakhomo manja atapinda. Ababa ndinali nditawaveka suti yawo ya bulawuni imene anasoka okha, tsopano ikuwalendewera m'mapewa. Pa tebulo ndinayala nsalu yoyera, kandulo ndi mtanda.

Wansembeyo anapukuta matope ku nsapato, navala sitola, kansalu kaunsembe ka m'khosi. Ababa anali pampando, maso ali kudenga. Bambo Lucious sanawapatse moni wa Chichewa. Anaima kutsogolo kwa tebulo, natifulatira tonse, najambula chizindikiro cha mtanda, nayamba.

Ababa anatsika pampando ngati wina wawaitana dzina. Munthu amene masiku amenewo ndinkamudzutsa ndi manja awiri anagwada yekha, kumanzere kwa wansembe, manja ataphatikiza pachifuwa. Wansembe akanena mzere, iwo ankayankha. Akanena wina, ankayankhanso, msanga, mosadodoma. Mawu a nkhalamba ziwirizo ankalandirana m'kachipinda kanga, mvula ikuwomba pa malata. Nkhope ya Ababa inasalala. Maso awo, amene kwa nthawi yaitali anali ngati mawindo a nyumba yosamukamo, munali munthu.

Bambo Lucious anatembenuka, natambasula manja.

"Dominus vobiscum."

"Et cum spiritu tuo," anayankha Ababa.

Ndinayang'ana Esau. Manja anali atawamasula, ndipo pakamwa pali yasa.

Atalandira Ukaristia ndi kudzozedwa, Ababa anakhala pampando ali phee. Ndinayandikira, ndinagwada patsogolo pawo, n'kuika dzanja pa bondo lawo.

"Ababa. Chaka chabwino cha nkhoswe yanu. Ndine Jemima."

Anachotsa dzanja langalo pang'onopang'ono, monga muja munthu amachotsera chinthu chimene sakufuna kuti chimudetse. Kenaka anagwira mkanjo wa wansembe. Chichewa chimene chinatuluka chinali chomveka bwino, chotsatana, chimene ndinali ndisanachimve kwa iwo chaka chonsecho.

"Bambo, munditenge. Ndikupemphani. Mayi awa sindikuwadziwa. M'mawa amanditsekera m'nyumba ndi loko, n'kuchoka. Amandivula zovala, amandithira madzi. Ndikafuna kupita kwathu amandigwira. Amayi anga akundidikira, sakudziwa kumene ndili. Munditenge tibwerere limodzi ku mishoni, ndidzatumikira Misa tsiku lililonse."

Zonse ananenazo zinali zoona. Ndinkawatsekera, chifukwa tsiku lina anawatola pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe. Ndinkawasambitsa, chifukwa panalibe wina. Ndinakhala chigwadire pamenepo, osadziwa poika maso.

"Stephano," anatero Bambo Lucious mofatsa, "uyu ndi mwana wako. Akukusamala."

"Ine ndilibe mwana, Bambo. Ndikadali pa sukulu."

Amayi Dorica anafunditsa nkhope m'chitenje. Esau anatuluka, ndipo ndinamumva akusisima kuseri kwa nyumba, mumvula momwemo. Atalowanso sanatchulenso za kuphiri, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Anangoti, "Achemwali, ndizibwera Loweruka," ndipo amabweradi, ngakhale sakhalitsa.

Pochoka wansembe panavuta. Ababa anakakamira mkanjowo ndi manja onse awiri, mpaka tinachita kuwamasula chala chimodzichimodzi, iwo akulira ngati mwana wosiyidwa pa sukulu yogonera. Pa geti Bambo Lucious anandigwira paphewa.

"Ndinakuuza, mwana wanga."

"Munandiuza, Bambo. Mudzabweranso?"

"Mulungu akalola."

Sanabwerenso. Mvula isanathe anagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno, ndipo abale awo anawatengera kumudzi ku Ntcheu. Za imfa yawo ndinazimva pa zolengeza za m'tchalitchi, pakati pa tsiku la msonkhano wa kwaya ndi mayina a ofuna kukwatitsa.

Chichokereni wansembeyo, Ababa anasiya kulankhula nane. Ngakhale za basi ya ku Dedza analeka kufunsa. Chakudya ankalandira m'manja mwa Amayi Dorica, koma ndikawapatsa ine ankatseka pakamwa, n'kuyang'ana kukhoma. Ku tchalitchi ndinasiya kupita nawo. A mphakati ankabwera kudzapemphera kolona, iwo n'kumangowayang'ana ngati anthu odutsa mumsewu. M'mawa uliwonse ankagwada kutsogolo kwa tebulo lija, kumanzere, manja ali pachifuwa, n'kumadikira.

Tsiku lina Lamulungu, nditabwerako ku Misa yoyamba, ndinawapeza atagwada choncho. Mawu awiri a wansembe aja anali atandikhala m'mutu. Ndinaima pambali pawo n'kuwanena, lilime likupunthwa. Ababa anatembenuka, nandiyang'ana kuyambira ku duku mpaka ku mapazi, nabweza nkhope kutebulo. Sanayankhe. M'masiku awo, munthu wamkazi sankanena mawu amenewo.

Ndinalowa kuchipinda, ndinakhala pa bedi nthawi yaitali. Kenaka ndinadzuka. Ndinakankha chitseko mpaka kutsala kampata kochepa, ndinaima kuseri kwake kuti asandione. Ndinatsitsa mawu mpaka pansi pa chifuwa, momwe ndingathere, ngati mwamuna wokalamba.

"Dominus vobiscum."

"Et cum spiritu tuo."

Yankho linabwera msanga, lofunda, lachimwemwe. Anali mawu omwe aja amene kale ankandiitana nawo pa geti ya sukulu, atanyamula diresi yanga yatsopano m'pepala.

Chotsatira chake sindinkachidziwa. Ndinaima kuseri kwa chitsekocho nditagwira pakamwa. Pa kampatako ndinkaona msana wawo wowonda, mutu atauweramitsa pang'ono, khutu atalitchera kumene kunachokera mawu, akudikira kuti wansembe apitirize.