Denga la ku Roma

Mayi Tiyamike a ku Chitakale anapita ku Roma ndi kwaya ya kutchalitchi, chikwama chodzaza mtedza wokazinga, poti chakudya cha kumeneko n'chodula ngati mankhwala. Ankagona kwa masisitere, n'kumayenda wapansi mpaka zidendene kung'aluka.

Tsiku lina anafika pa chinyumba chakale chotchuka, napeza azungu ali pamzere kulipira kuti alowe. Mayiwo anayang'ana m'mwamba. Denga panalibe, mawindo mabowo okhaokha, khoma lina linagumuka kalekale.

Pompo anaimbira foni amuna awo, a Fanuel, amene nyumba yawo yakhala yopanda malata mpaka ana kukula.

"Bambo, ndasiya kukulalatirani. Ulesi wanu uja kuno ndi chuma. Musafolere, ingoikani geti, tizilipiritsa."