Nyimbo ya pa Chitseko cha Lole

Pa mlatho wa Luangwa asilikali anatsitsa anthu onse m'basi. Zinali zaka zija za nkhondo ya ku Rhodesia, pamene aliyense wooloka ankayenela kuonedwa kumaso. Rhoda anatsika ndi mwana kumsana. Msilikali wina wamtali, wa mpata m'mano, anasuzumila m'chitenge.

"Kamsilikali aka dzina lake ndani?"

"Ndi mkazi, bambo. Dzina alibe."

"Alibe? Mwana woseka kale chonchi?"

"Ndilo ndikupita kukatenga."

Msilikali anaseka mpaka mfuti inagwedela paphewa. "Kwelani, amai. Pobwela mudzandiuze."

Basi inayamba kukwela mapili. Rhoda anayang'ana panja, koma m'makutu mwake munali mau a mwamuna wake. Eustace anali mlembi wa nthambi ya Chipani ku Chilenje, ku Lusaka, munthu wovala baji ngakhale popita kukagula mchele. Iye dzina anali nalo kale: Humanism, liu la chiphunzitso cha Chipani. Analimva pa misonkhano, analikonda, anafuna kuti mwana wake woyamba alisenze.

"Ndakupatsa mpata," anatelo pompelekeza ku siteshoni. "Pita kwa atate ako. Ukabwela chimanjamanja, mwana ndi Humanism. Nkhani yatha."

Atate ake a Rhoda anali a Josiah Njobvu. Anayendetsa lole ya mmwenye wina wa ku Petauke kuyambila msewu usanaone phula. Sukulu anangoilawa. Chingelezi anachitola m'magalaji ndi pa wailesi, ndipo chimene chinawagwila mtima si tanthauzo la mau ai, koma mathelo ake. Mau awili akamveka mofanana kumapeto, iwo ankaseka ngati atola ndalama m'njila. Ankati dzina la mwana liyenela kukhala ndi mnzake m'Chingelezi, monga matayala a kumbuyo kwa lole amayendela awili awili. Dzina lopanda mnzake sankalipeleka.

Ana ao anai anakula ndi nyimbo. Lole ikaima pakhomo ku Kacholola, a Njobvu ankatulutsa dzanja pa windo, n'kumamenya chitseko ngati ng'oma. Ana ankathamanga, fumbi koboo.

Rabecca, double-decker.
Jonas, Christmas bonus.
Morgan, play the organ.
Rhoda, bring me soda.

Rhoda anali chitsiliza, ndipo nyimbo inkathela pa iye. Tsiku la ukwati wake atate ake anamuitanila pambali. "Nyimbo yanga yaima pa iwe," anatelo. "Mwana wako woyamba ndi wanga. Ndidzamutcha ndine." Rhoda analonjeza. Eustace nayenso anavomela, chifukwa tsikulo akanavomela chilichonse.

Basi inamusiya pa Kacholola dzuwa litapendeka. Amai ogulitsa nthochi anamuzindikila, anafuula, anamulanda chikwama. Koma anthu amenewa, amene kale sankasowa nkhani, lelo ankangoti, "Mwafika bwino. Pitani mukawaone." Uthenga umene unafika ku Lusaka ndi kondakitala unali wakuti mdala akudwalako pang'ono. Rhoda anayamba kuyenda msanga.

Atate ake anawapeza pansi pa mtengo wa mango, pa mpando wakale wa lole umene anabwela nao atasiya nchito. Anali kuyang'ana ku msewu. Dzanja lamanja linali pamwendo ngati la munthu wina. Mlomo unapotokela mbali imodzi.

Rhoda anagwada. "Atata, ndabwela."

Maso anamudziwa. Anawala, ananyowa.

"Eya," anatelo a Njobvu.

"Muli bwanji, atata?"

"Eya. Eya."

Amai ake, a Elizabeth, anatuluka m'khichini akupukuta manja. Sanalile. Anamasula mwana kumsana kwa Rhoda, anamununkhiza pamutu, kenako anafotokoza. Mdala anagwa m'munda wa nshawa. Anamunyamula pa ngolo mpaka ku msewu, kuchoka apo pa lole mpaka ku chipatala ku Petauke. Moyo unatsala. Mbali yakumanja inapita, mau anapita nayo pamodzi. Anatsala ndi liu limodzi lokha.

"Ukawafunsa ngati afuna madzi, eya. Ngati akumva kuwawa, eya. Mailo ndinawafunsa ngati ndikwatiwenso, anati eya."

"Amama, bwanji simunandiuze?"

"Unali ndi pakati. Tikuuze kuti uchite chiyani?"

Jonas, mlongo wake wamkulu amene anatsala pamudzi, anafika ndi khasu paphewa. Atamva za Humanism anakhala pansi ndi kuseka.

"Humanism! Alamu anga mutu uli bwino? Mwanayo tizimuitana bwanji kukadya? Tikamaliza kutchula, chakudya chazizila."

"Musaseke, a Jonas."

"Nanga ndilile? Afunse atata. Akupatsa dzina lelo lomwe. Mwana akhala Eya Njobvu."

Rhoda anafunsa ndithu. Anaika mwana pamwendo wa agogo ake. Analankhula pang'onopang'ono, monga amalankhulila ndi ana a ku kiliniki kumene ankagwila nchito. Dzina, atata. Munalonjeza. Tchulani ngakhale chiyambi chake chabe. Khosi la mdala linatupa mitsempha. Mlomo unanjenjemela. Thukuta linatsika m'masaya. Zinali zoonekelatu kuti dzina lilimo, lili pafupi, likukankha chitseko chokhoma.

"Eya."

Anayesa njila ina. Anatchula maina mmodzimmodzi kuti mdala agwedeze mutu. Febby. Virginia. Jennipher. A Njobvu anatembenuza nkhope, anayang'ana ku msewu. Misozi inatsika mbali imodzi yokha.

"Asiye," anatelo amai ake. "Ukuwazunza."

Tchuthi cha Rhoda chinali chitatha kale. M'mawa mwake anayenela kubwelela. Anasamba, anamanga katundu, anabeleka mwana. Basi yochokela ku Chipata inalibe nthawi yake; munthu ankangokhala ndi kumvetsela. Anakhala pa mphasa pafupi ndi mpando wa atate ake. Sanafunsenso. M'mtima anayamba kuyesa dzina lija la Eustace, kuliitana, kulifupikitsa. Linakana kukhala mkamwa.

Kumunsi, pamene msewu umayamba kutsetseleka, lole ya thonje inali itazima. Dalaivala anayesa kuliza. Kho, kho, zii. Anatuluka, anaitana amuna amene ankadikila basi. Amunawo anavula majekete, anaika mapewa kumbuyo kwa lole, dalaivala anabwelela pampando wake.

"Kankhani! Kankhani, amuna inu! Mwadya kapena simunadye?"

Rhoda anamva mpando ukulila. Anacheuka. Dzanja lamanzele la atate ake, lamoyo lija, linali m'mwamba, likufufuza chinthu chimene panalibe. Linachigwila. Linachikokela kumbuyo. Giya yachiwili. Phazi lamanzele linaponda pansi, linakanikiza dothi. Maso anali pa lole. Matayala anayamba kugudubuzika, pang'ono, kenako msanga. Phazi la mdala linanyamuka. Nthawi yomweyo, osati kale, osati pambuyo, lole inadzuma, inatsokomola, inalavula utsi wakuda.

Rhoda anayang'ana lole, anayang'ana atate ake. Dalaivala anali kutali, sakanawaona. Koma mapazi awili aja, la mdala ndi la dalaivala, ananyamuka pamodzi.

Ndiye kuti zonse zinalimo m'mutu mwa mdala. Msewu unalimo, magiya analimo. Mailo Rhoda anangoima patsogolo pa injini yozizila ndi kumaifunsa mafunso. Sanaikankhe.

Anaimilila. Chitseko cha lole yakale ya atate ake chinali chikadalipo. Jonas anachisandutsa chotsekela khola la mbuzi. Utoto wobiliwila unali utasupuka, dzimbili lili mbali zonse. Rhoda anamasula waya, anachikoka mpaka pansi pa mango. Mbuzi zinatuluka zonse.

"Iwe Rhoda! Wapenga?" Jonas anathamanga kuchokela kunkhokwe. "Mbuzi zanga zikalowa m'dimba la anthu, udzalipila ndiwe?"

"Gwilani chitseko, a Jonas."

"Ndigwile chitseko? Za ku Lusaka izi?"

"Gwilani!"

Anagwila. Rhoda anamenya ndi chikhatho. Pha, pha-pha. Pha, pha-pha. Dzanja linakumbukila lokha. Anayamba kuimba.

"Rabecca, double-decker."

Mdala anamuyang'ana.

"Jonas, Christmas bonus."

Palibe. Anafika pa Morgan, anafika pa dzina lake lomwe. Palibe. Koma zala zamanzele za a Njobvu zinali zikugunda m'mbali mwa mpando.

"Tibweleze," anatelo Rhoda. "Imbani, a Jonas."

"Ine munthu wa ndevu ndiimbe za ana?"

"Imba, iwe," anatelo amai ao ali pakhomo la khichini. "Bonasi yako inakukwana liti kuti uziyamba manyazi?"

Anaimba atatu. Amai Elizabeth Chingelezi sankachidziwa, koma nyimboyi anaimva zaka zonse za ukwati wao, ndipo anaiimba ngati ya kuchalichi. Ulendo wachiwili milomo ya mdala inayamba kuyenda yopanda mau. Ulendo wachitatu Rhoda anakweza dzanja kuti ena akhale chete. Anamenya chitseko, anaimba dzina lokha.

"Jonas."

Anasiya mpata.

"Christmas bonus."

Liu linali lokhakhala, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe dzinja lonse. Koma linali lao. Jonas anatsala pang'ono kugwetsa chitseko.

"Musaleke!" anatelo Rhoda. "Morgan."

"Play the organ."

Tsopano sanadikilenso kukankhidwa. Mutu unadzuka. Chifuwa chinadzala. Mlomo wopotoka uja, umene unkalephela kupempha madzi, unatulutsa mzele wonse wosalala ngati kale pa windo la lole.

"Rhoda, bring me soda."

Apa ndi pamene nyimbo inkathela. Rhoda anadziwa kuti akaleka kumenya, zonse zizima. Anagwila dzanja la Jonas, analiika pa chitsulo. Jonas anapitiliza. Pha, pha-pha. Rhoda anamasula chitenge, anatsitsa mwana, anamuimika pamaso pa agogo ake. Mwana anatsegula maso. Anayang'anana.

Chitseko chinalila chokha, chopanda mau. Chinalilanso. Amai ogulitsa nthochi anali atakwela kuchokela ku msewu, mabeseni ali pamutu, ndipo anaima kumphepete kwa bwalo osapeleka moni. Ngakhale mwana sanalile.

A Njobvu anakoka mpweya.

"Consolata," anaimba. Dzanja lamanzele linatambasuka, chala chinakhudza kamimba ka mwana, chinakanikiza pang'ono. "Press the starter."

Jonas analeka kumenya. Anavula chipewa. Amai Elizabeth anagwada pomwe anali, m'fumbi, manja ali pakamwa. Mmodzi wa amai a nthochi anayamba kamfuu, koma anakadula pakati, ngati waona kuti si malo ake.

 Mzele umenewu sunali wakale. Palibe anaumvapo. Unali wathunthu, dzina ndi mnzake, matayala awili. Mdala anaupanga liti? Ali m'munda, asanagwe? Kapena pampando pomwepa, m'mutu wotsekedwa uja, akuyang'ana malole akudutsa?

"Amama, anakuuzanipo?"

"Ine? Ai. Dzina limeneli sanalitchulepo m'nyumba mwanga."

Rhoda anagwila bondo la atate ake. "Atata, ndi Consolata? Ndamva bwino?"

Mdala anali atatsamila kumbuyo. Anapuma ngati munthu wotsitsa matumba. Anamwetulila mbali imodzi.

"Eya."

"Imeneyo ndiye eya yeniyeni," anatelo Jonas, akupukuta m'maso ndi chipewa. Anayang'ana kudimba. "Mayo, mbuzi zanga!"

Hutala ya basi inamveka kuseli kwa phili. Amai a nthochi anathamangila ku msewu. Rhoda anabeleka mwana mofulumila. Ananyamula chikwama, anachiikanso pansi.

"Amama, chitseko ichi chisabwelele kukhola. Muziwaimbila. Tsiku lililonse."

"Ndamva. Thamanga, basi ikusiya."

Atacheuka ali pa msewu, anaona amai ake akukokela chitseko pafupi ndi mpando, mbali yakumanzele, pamene dzanja lingafike.

Pa mlatho wa Luangwa anawatsitsanso. Dzuwa linali pamutu, mtsinje ukung'anima pansi. Msilikali wa mpata m'mano anali pomwepo, ndipo anamuzindikila ali patali.

"Amai a mwana wopanda dzina! Mwalipeza?"

"Ndalipeza, bambo."

"Tiuzeni."

Rhoda anatsegula pakamwa. Anaona kuti kulitchula chabe, louma, sangathe. Anthu anali pamzele kumbuyo kwake, ena akudandaula ndi kutentha. Iye anatambasula dzanja, anamenya m'mbali mwa basi. Pha, pha-pha. Anaimba mzele wonse, mokweza, pamaso pa asilikali ndi mfuti zao.

 Msilikali anaubweleza pansipansi, akulawa mathelo ake.

"Anapeka ndani?"

"Atate anga."

"Ndi aphunzitsi?"

"Ndi dalaivala," anatelo Rhoda. Anakonza chitenge paphewa. "Tiye, Consolata."